Dzina limodzi, magulu anayi: muyambire pati kumvera The Byrds?

Munthu akandifunsa kuti nyimbo za The Byrds zimamveka bwanji, inenso ndimamubwezera funso: mukunena za chaka chiti? Gulu ili linayamba ku Los Angeles mu 1964 n'kutha mu 1973, ndipo pa zaka zimenezi linatulutsa zimbale 12. Munthu mmodzi yekha, Roger McGuinn, ndi amene anakhalapo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Enawo ankakwera ndi kutsika ngati m'minibasi, ndipo aliyense wotsika ankanyamula katundu wake. N'chifukwa chake mukatenga chimbale cha 1965 n'kuchiyika pambali pa cha 1968 mungalumbire kuti ndi anthu osadziwana. Wina amalowera khomo lolakwika, nyimbo ziwiri zokha n'kutseka foni, bandulo itapita pachabe. Ndiye tiyeni tiwone makomowa limodzilimodzi, aliyense asankhe logwirizana ndi khutu lake.

Khomo la 1965: gitala yolira ngati mabelu

Oyambitsa gululi, McGuinn (nthawi imeneyo ankatchedwa Jim, dzina la Roger analitenga mu 1967), Gene Clark ndi David Crosby, anali anyamata a nyimbo za folk, zoyimba ndi gitala yopanda magetsi m'timalo tomwera khofi. Kenaka The Beatles anafika ku America, anyamatawa n'kuwona kuti anthu atembenukira kwina. Maganizo awo anali akuti atenge mawu olemera a nyimbo za folk n'kuwakweza pa ng'oma ndi magitala amagetsi. Anayitana Chris Hillman kuti aziyimba bezi, chonsecho iye anali katswiri wa mandolin m'magulu a bluegrass. Michael Clarke anamutenga kaamba ka nkhope ndi tsitsi lake, osati luso, moti masiku oyamba ankaphunzira kuwomba ng'oma pa makatoni.

Pa 20 Januwale 1965 anajambula "Mr. Tambourine Man", nyimbo ya Bob Dylan. Ya Dylan ili ndi ndime zinayi ndipo imapitirira mphindi zisanu. Iwo anatengapo ndime imodzi yokha ndi kolasi, nyimbo n'kukwana mphindi ziwiri ndi theka, muyeso umene mawayilesi ankafuna. Wojambula wawo, Terry Melcher, sankakhulupirira kuti anyamatawa apsa, choncho anabweretsa akatswiri aganyu a mu situdiyo. Mwa asanu aja, McGuinn yekha ndi amene anagwira chida tsiku limenelo. Clark ndi Crosby anangoyimba pakamwa. Nyimboyo inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe. Nyimbo zina za m'chimbale chimene chinatsatira mu Juni, kupatula ya kuseri kwa mbale yoyamba ija, anaziyimba okha.

Chimene chimakola munthu pa khomo ili ndi gitala ya McGuinn, Rickenbacker ya nsambo 12. Nsambozo zimakhala ziwiriziwiri. Pa mapeya anayi a mawu akuluakulu, nsambo yonenepa imagona pambali pa ina yowonda yolira mawu omwewo koma m'mwamba, ndiye chala chikakhudza kamodzi zimalira ziwiri, mayi ndi mwana. McGuinn ankazikodola ngati banjo, chifukwa banjo ndi imene anakulira, ndipo mu situdiyo ankapanikiza mawu ake ndi makina otchedwa compressor kuti kulira kwa nsambo kusamafe msanga. Zotsatira zake ndi ngwee-ngwee wosatha, ngati mabelu a tchalitchi akumveka kutsidya la mtsinje. Pamwamba pake McGuinn ndi Clark ankayimba mawu amodzi, Crosby n'kumadutsa m'mwamba mwawo. Amene munayimbapo kwaya mudzazindikira msanga kuti Crosby satsata mzere umodzi ngati tenala wa m'buku. Amayendayenda, pena kuyandikira anzake, pena kuwathawa.

Ndipo ngati munakulira m'tchalitchi, nyimbo ya "Turn! Turn! Turn!" mukuyidziwa kale musanayimve. Pete Seeger anatenga mawu ake pafupifupi onse m'buku la Mlaliki chaputala 3, paja pa nthawi yobadwa ndi nthawi yomwalira, nthawi yobzala ndi nthawi yozula. Inafika pa nambala 1 mu Disembala 1965, nkhondo ya ku Vietnam ikukula, ndipo anthu ankayimva ngati pemphero lopempha mtendere.

Kuipa kwa khomo ili n'kwakuti gululi linali likuyendabe ndi ndodo ya eni. M'chimbale choyamba muli nyimbo zinayi za Dylan. Chachiwiri, *Turn! Turn! Turn!*, chinaphikidwa mothamanga ndipo chakumapeto chimatha mphamvu. Wopeka nyimbo weniweni m'gululi anali Gene Clark, mvereni "I'll Feel a Whole Lot Better" mumve, koma ndiye amene anayamba kutsika. Ndalama za upeki zinkapita kwa iye zambiri kuposa anzake, nsanje n'kulowa, komanso ankaopa ndege koopsa. Kumayambiriro kwa 1966 anatsika m'ndege isananyamuke. Dzina la gululi ndi mawu achingerezi otanthauza mbalame, kungosintha chilembo chimodzi, ndiye akuti McGuinn anamuuza kuti yosauluka si mbalame.

Khomo ili ndi la inu amene mukufuna kudziwa kuti folk rock n'chiyani kwenikweni. Ndi la inunso ophunzira gitala, chifukwa nyimbo zake zambiri n'zamakiyi ochepa.

Khomo la 1966 mpaka kuchiyambi kwa 1968

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndimakhala ine.

Clark asanachoke anasiya mphatso. "Eight Miles High", imene anapeka pamodzi ndi McGuinn ndi Crosby, ikunena za ulendo wawo wa ku London mu Ogasiti 1965. Chakumapeto kwa chaka chimenecho, akuyenda m'galimoto kukayimba m'mizinda ya ku America, ankangobwereza tepi imodzi: mbali ina John Coltrane, mbali ina Ravi Shankar wa ku India. McGuinn anayesa kuti gitala yake ilankhule ngati saxophone ya Coltrane, ndipo mukamvera mudzamva nsambo zikuthamanga mopunthwapunthwa, ngati munthu wofuna kunena zinthu khumi mpweya umodzi. Inatuluka mu Malichi 1966. Mawayilesi ena anayiletsa ponena kuti ikutamanda mankhwala ozunguza bongo, ndipo inathera pa nambala 14. Eni ake anakana nthawi imeneyo kuti ayi, ife tikunena za ndege, koma patapita zaka Crosby anavomera kuti zinazo zinalimonso. Kwathu kuno tikamati "chamba cha nyimbo" timatanthauza mtundu wa mayimbidwe, koma pa nyimbo iyi mawuwo akugwira mbali zonse ziwiri.

Chimbale chimene munali nyimboyi, *Fifth Dimension*, n'chosakhazikika. Mukumva kuti mwini munda wachoka ndipo otsala akuphunzira kugwira khasu. Koma mu Febuluwale 1967 kunabwera *Younger Than Yesterday*, ndipo apa mpamene Hillman, mnyamata wachete woyima kumbuyo ndi bezi, anadzidzimutsa anthu. Anapeka yekha nyimbo zinayi, ina n'kupeka ndi McGuinn. Iye mwini amanena kuti chimene chinamutsegula mutu ndi ganyu imene anagwira mu situdiyo ndi Hugh Masekela, woliza lipenga wa ku South Africa amene anachoka kwawo mu 1960 chifukwa cha ulamuliro watsankho. Masekela yemweyo ndiye akuliza lipenga mu nyimbo yotsegulira chimbalechi, "So You Want to Be a Rock 'n' Roll Star", ndipo mu Juni 1967 anakwera nawo pa nsanja ku chikondwerero cha Monterey. Chaka chotsatira nyimbo yakeyake, "Grazing in the Grass", inafika pa nambala 1 ku America, pamene The Byrds anali atasiya kale kufika kumeneko.

M'chimbale chomwechi muli "Everybody's Been Burned" ya Crosby, yodekha ngati jazz ya usiku, bezi ya Hillman ikuyenda yokha pansi ngati ikuyimba nyimbo ina. Muli "Time Between", pamene country ikuyamba kusuzumira pazenera. Muli "My Back Pages" ya Dylan, imene ine ndimayiyika pamwamba pa "Mr. Tambourine Man". Mulinso "Mind Gardens" ya Crosby, imene ndimayidumpha nthawi zonse popanda kupepesa.

Crosby anali ndi mawu okoma koma pakamwa posatseka. Ku Monterey, pakati pa nyimbo, anayamba kulalikira za imfa ya pulezidenti Kennedy, anzake atangoti kakasi, kenaka n'kukayimbanso ndi gulu lina, Buffalo Springfield. Mu situdiyo anakangana pa nyimbo yake "Triad", yonena za chikondi cha anthu atatu, imene anzake anayikana. Mu Okutobala 1967 McGuinn ndi Hillman anapita kunyumba kwake kukamuuza kuti ntchito yatha. Michael Clarke naye sanafike chaka chatsopano. Mungayembekezere kuti chimbale chophikidwa pakati pa ndewu chotere chikhala chosapsa, koma *The Notorious Byrd Brothers*, cha Januwale 1968, ndi chosalala kuposa zonse. Nyimbo zimalowana popanda mpata, malipenga, pedal steel (gitala yogoneka imene amayiliza potsetsereza kachitsulo pa nsambo) ndi makina opanga mawu amagetsi a Moog zikusakanikirana, ndipo "Draft Morning", ya mnyamata wodzuka m'mawa woti apite kunkhondo, imasweka pakati ndi kulira kwa mfuti kenaka n'kubwerera mwakachetechete. Tayang'anani chithunzi cha pachikuto: mazenera anayi a khola, atatu muli McGuinn, Hillman ndi Clarke, lachinayi mwasuzumira hatchi. Anthu mpaka lero amati hatchiyo ndi Crosby, ngakhale eni ake ankakana.

Vuto la khomo ili ndi lakuti zina mwa zoyesayesa zawo zinakalamba. Timawu ta zolengedwa za m'mlengalenga ndi matepi oyenda chobwerera zinali zodabwitsa mu 1967, lero zimamveka ngati zoseweretsa ana. Koma zimbale ziwiri zomalizazi chilichonse sichikwana ndi theka la ola lomwe, ndiye simutaya zambiri.

Khomo la country: Sweetheart of the Rodeo

Ambiri a ife tinakula tikumva Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton pa wayilesi, choncho khomo ili ndi losavuta kukankha. Mu Febuluwale 1968 gululi linalemba Gram Parsons, mnyamata wa zaka 21 wochokera kummwera kwa America, kuti aziyimba piyano. McGuinn anali ndi pulani ya chimbale chachikulu chofotokoza mbiri yonse ya nyimbo za ku America, kuyambira zakale za kumapiri mpaka zamakina. Parsons, mothandizidwa ndi Hillman, anakhotetsa ngolo yonse kuloza ku Nashville. Mlendo uja anadza ndi kalumo kakuthwa ndithu, koma kanameta ndi mwini nyumba yemwe.

Pa 15 Malichi 1968 anayimba ku Grand Ole Opry, likulu la nyimbo za country. Anali atameta tsitsi pofuna kulemekeza malowo, komabe anthu anawawona ngati anyamata osokonekera a ku California ndipo ena ankawakuwiza. Wotsogolera mwambo atalengeza kuti ayimba nyimbo ya Merle Haggard, Parsons anasintha pomwepo n'kuyimba yake, "Hickory Wind", zimene akuluakulu a pamalopo sanakondwe nazo. Chimbale chitatuluka mu Ogasiti chinathera pa nambala 77. A rock anati ndi country yokhayokha, a country anati awa si athu.

Lero anthu amachitamanda kuti ndi chimodzi mwa zimene zinatsegula njira ya country rock, imene magulu ngati Eagles anadzadyerera pambuyo pake. Ndipo n'chokomadi. Pedal steel ya Lloyd Green mu "You Ain't Goin' Nowhere" imatsetsereka ngati mafuta, ndipo "I Am a Pilgrim", Hillman akutsogolera, ingayimbidwe pa maliro aliwonse osachititsa manyazi. Koma ndikuchenjezeni ziwiri. Choyamba, gitala ya mabelu ija mulibemo, ndiye mukayambira pano mudzadziwa chimbale chabwino cha country koma The Byrds simudzawadziwa. Chachiwiri, nyimbo zitatu zimene Parsons anatsogolera anazifufuta mawu ake n'kuyikapo a McGuinn. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti Parsons anali ndi mgwirizano ndi kampani ina, ya Lee Hazlewood, ngakhale ena amati McGuinn sanafune kuti mlendo alande bwalo. Mu "The Christian Life", nyimbo ya Louvin Brothers, McGuinn akuyesa kutengera kalankhulidwe ka kummwera ndipo zimamveka ngati akuseka nyimboyo. Mukapeza chimbale chotulutsidwanso chokhala ndi nyimbo zowonjezera, mverani ya Parsons muyerekeze nokha.

Parsons sanadikire n'komwe kuti chimbalecho chituluke. Mu Julayi 1968, ali ku London, gululi likukonzeka kupita kukayimba ku South Africa, iye anakana kukwera ndege ponena kuti sangayimbe m'dziko latsankho. Hillman sanamukhulupirire, ankati mnyamatayo akungofuna kutsala ndi anzake atsopano, Keith Richards ndi Mick Jagger a gulu la The Rolling Stones. Kaya chifukwa chinali chiti, amene anapitawo anakakumana nazo. Anayika wonyamula zida wawo, Carlos Bernal, kuti agwire gitala m'malo mwa Parsons, anapeza kuti owonera ndi osankhidwa potengera khungu, ndipo manyuzipepala a kumeneko anawanyoza. Ndimati ndikaganiza kuti awa ndi anthu omwe aja anali pa nsanja imodzi ndi Masekela chaka chimodzi m'mbuyomo, ndimasowa chowayankhira.

Khomo la Clarence White, 1969 mpaka 1971

Hillman atachoka kukayambitsa The Flying Burrito Brothers pamodzi ndi Parsons yemwe uja (inde, anagwirizananso), McGuinn anatsala yekha mwa oyambitsa. Anthu ambiri amalekera pomwepa, ndipo pa zopeka sindingawatsutse. Koma pa kuyimba pamaso pa anthu, gulu ili ndi limene linali lolimba kuposa onse am'mbuyo, chifukwa cha woyimba gitala wawo watsopano, Clarence White.

White ndi mnzake woyimba ng'oma, Gene Parsons (si m'bale wake wa Gram), anapanga kachipangizo kodabwitsa m'gitala ya Telecaster. Anayika timikono tachitsulo kumsana kwa gitalayo, tolumikiza pokolekera lamba ndi nsambo yachiwiri, ya B. Woyimba akakankhira khosi la gitala pansi, lamba wa paphewa amakoka kamkono, kamkono n'kukoka nsambo, mawu n'kukwera sitepe imodzi yathunthu zala zisanasunthe. Ndiye gitala wamba imalira ngati pedal steel. Amakatcha B-Bender, ndipo gitala ya White ija lero ili m'manja mwa woyimba country Marty Stuart.

Pa zimbale zisanu za nyengo iyi, tengani *(Untitled)* cha 1970. Ndi mbale ziwiri, ina yojambulidwa pa makonsati, ina mu situdiyo. Muli "Chestnut Mare" komanso "Eight Miles High" yotalika mphindi 16, yodzaza mbali yonse ya mbale. *Ballad of Easy Rider* cha 1969 ndi chofatsa bwino. *Byrdmaniax* chisiyeni: Melcher anathiramo mavayolini, malipenga ndi makwaya eni ake ali paulendo, ndipo atabwera anakwiya nazo. White anamwalira mu Julayi 1973 ali ndi zaka 29, atagundidwa ndi dalaivala woledzera pamene ankalongedza zida m'galimoto ku Palmdale. Patangotha miyezi iwiri Gram Parsons naye anamwalira ku Joshua Tree ali ndi zaka 26.

Khomo ili ndi la oyimba gitala ndi okonda nyimbo za pa nsanja. Kwa wongoyamba kumene, ayi.

Nanga njira yachidule?

Ilipo. *The Byrds' Greatest Hits* cha Ogasiti 1967 chili ndi nyimbo 11 zochokera m'zimbale zinayi zoyamba, ndipo palibe yoti mudumphe. Ngati muli ndi theka la ola lokha pa moyo wanu wonse loti mupatse gulu ili, tengani chimenechi. Kungoti chimathera pamene nkhani ikuyamba kukoma: mulibe *Notorious*, mulibe country, mulibe White, ndipo Hillman wopeka nyimbo simumumva mokwanira.

Chimene sindingakulangizeni ndi kukopeka ndi chimbale cha 1973 chongotchedwa *Byrds*, chimene asanu oyamba aja anabwererana. Mayina onse alipo pachikuto, koma chimamveka ngati aliyense anabisa nyimbo zake zabwino kuti akaziyike m'chimbale chakechake. Za Gene Clark zokha ndi zimene zili ndi moyo. Asanuwa anadzayimanso pamodzi komaliza mu Januwale 1991 powalandira mu Rock and Roll Hall of Fame. Clark anamwalira mu Meyi chaka chomwecho, Michael Clarke mu 1993, Crosby mu Januwale 2023.

Ine mukandipanikiza kuti nditchule chimodzi, ndi *Younger Than Yesterday*. Mabelu a 1965 akadalimo, misala ya 1966 ilimo koma yomangidwa chingwe, country ikununkhira chapatali, ndipo Crosby akadali m'nyumba. Kuchokera pamenepo mungabwerere m'mbuyo kapena kupita kutsogolo osasochera. Valani mahedifoni onse awiri, chifukwa zimbale za nthawi imeneyo zimagawa zida, china khutu ili china khutu linalo. Nyimbo yoyamba ndi ya mphindi ziwiri zokha. Ikunyogodola achinyamata ofuna kutchuka msanga, ndipo kukuwa kwa atsikana kumene mudzamve pakati pake n'kwenikweni, anakujambula pa konsati yawo ku Bournemouth mu 1965. Bezi ya Hillman ikayamba kudumphadumpha, tcherani khutu kumwamba kwake: lipenga limene likulowa apolo ndi la Masekela, mwana wa ku Witbank ku South Africa.